Tsiku Limene Tinasesa Munda Podikira Alendo

Kale, ndisanayambe malonda a mbuzi pa Lisungwi, bambo anga kuno ku Matandani sankamudziwa fetereza, ndipo munda wawo unkaoneka ngati mutu wa munthu wongodzuka kumene: chimanga, nandolo, maungu kuyanga paliponse, ndowe za m'khola atazimwaza ndi lichero lakutha. Fetereza atabwera tinawaseka madala aja, ine ndili patsogolo, pakuti kuwerenga ndinaphunzirira pa matumba a feterezayo. Koma lero, ana inu, nthaka yaguga, thumba lakwera mtengo, ndipo zimene tinkaseka zija akutibweretsera pa galimoto atazitcha ulimi wosamalira nthaka. Anthufe ndife oseketsa, eti?

Tsono zaka zingapo zapitazi bungwe lina linalengeza thandizo losabweza kwa makalabu olima ndi manyowa: mbuzi zoweta, mawilibala ndi mbewu. Kalabu yathu inalemba fomu, ndipo munda woonetsa unali wanga, chifukwa ndinali nditayala mapesi ndi udzu ponseponse kuti chinyezi chisathawe. Tcheyamani anali alamu anga a Bizaliele, munthu amene ulemu unamuchulukira kuposa nzeru.

Kutatsala tsiku limodzi kuti oyendera afike, ine ndili kumsika kulimbana ndi wogula mbuzi, alamu anasonkhanitsa kalabu yonse. Paja kwathu kuno mlendo sapeza pabwalo posasesa. Pobwerera masana ndinaona utsi ndili patali, ndipo nditafika ndinapeza theka la munda lili mbee, mapesi awaunjika, moto uli lawilawi, amayi akuimba za kwaya.

"Alamu, mwandiotchera chiyani?"

"Uve, alamu. Anthu a ku ofesi aponde zinyalala ndi nsapato zawo zija? Mukanatichititsa manyazi."

"Zinyalalazo ndi zimene akudzaona!"

"Aa, inunso. Munthu awononge mafuta kudzaona mapesi?"

Safunsa anadya phula. Theka lakumtunda ndinalipulumutsa pokhalira mapesiwo ngati nkhuku yofungatira.

M'mawa mwake anafika mayi woyendera, anayang'ana phulusa lija, n'kuyamba kutseka buku lawo. "Bambo, kalabu yootcha munda sitingaithandize." Mbuzi zathu zinali kupita, ana inu, tisanazione ndi mchira womwe. Koma msika unandiphunzitsa kuti wogula akati ayi koma sananyamuke, malonda sanathe.

Ndinati, "Mayi, mwaona zoona, tapusa. Koma konse mwayendako, ndani anakupatsani munda umodzi wa anthu awiri, wanzeru kumtunda, wopusa kumunsi? Musatilembe, komanso musatifufute. Mubwere mvula ikadzadula mu Febuluwale, mudzapise chala m'nthaka mbali zonse ziwiri. Mukadzapeza n'chimodzimodzi, fomuyo mudzayatsire mbaula."

Anaseka, nati, "Nanga wopusayo ndi uti?" Alamu anakweza dzanja okha, osawaloza munthu, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero.

Tinadzala tsiku limodzi, mbewu imodzi, manyowa ofanana, ndipo alamuwo ankabwera m'mawa uliwonse kudzapempherera theka lawo. Ng'amba itafika, chimanga chakumunsi chinapota masamba ngati anyezi, pamene chakumtunda chili biriwiri. Mayi aja anabweradi, chala chinatuluka chafumbi kumunsi, chamatope kumtunda, ndipo anapempha cholembera kwa dalaivala wawo. Mbuzi zimene zikulira kuseri kwa tchalitchi uko ndi zidzukulu za chala chimenecho.

Tsono mwamva kuti mafomu atulukanso, ndipo ena mwa inu mukuti zolembalemba n'zotopetsa. Lembani basi, ana anga. Yambani mwafunsa chimene mwini thandizo akufuna kudzaona, musalonjeze zimene simulima, ndipo akakukanani musathamangire kugwedeza mutu ndi kubwerera kwanu. Funsani kuti adzabweranso liti. Mapesi a chaka chino asiyeni agone m'munda. Mukafuna kulemekeza mlendo, mum'phere nkhuku, koma tsache lithere pabwalo.