Ndinkavina nyimbo yonena za banja langa

Omvera anzanga, ine ndine mayi wochokera ku Mulanje, ndimagulitsa zitenje mumsika wa pa Chitipa Boma. Chilambya sindimva, kupatula moni.

Chaka chatha kunatuluka nyimbo ya Chilambya ya mnyamata wina wa ku Kaseye. Ndinayamba kuimva kwa anyamata a njinga zamoto, mmodzi n'kunditumizira pa foni. Inandigwira mtima. Ndinaiika pa sitetasi, ndinaitumiza ku gulu la amayi a kutchalitchi pa Watsapu, ndipo pabenchi panga inkalira tsiku lonse. Ngakhale munthu akandiimbira foni, inkalira ndi yomweyo. Anthu ankaima n'kumandiyang'ana ndikuvina, ine n'kumati akusirira.

Tsiku lina mayi wogulitsa nyemba pafupi nane anandikokera pambali.

"Amama, zimitsani kaye. Mukudziwa zimene akuimba umu?"

Ndinati ayi. Anayang'ana pansi.

"Akuti kuli mayi wa zitenje wakummwera. Mwamuna wake amatsanzika kuti akukaoda katundu ku Tanzania, chonsecho amatsikira pa Kaseye, pomwe ali ndi mkazi wina ndi ana amapasa. Woimbayo ndi mchimwene wake wa mkaziyo."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mayi wa zitenjeyo ndine. Msika wonse unkadziwa, amayi a kutchalitchi ankadziwa, palibe anandiuza. Ndipo amene anaifalitsa kuposa wina aliyense ndinali ine mwini wake.

Ndili chiimire pomwepo, nyimbo ija inayambanso kulira m'chikwama. Anali bambo akunyumba, kundiuza kuti afika bwino ku Tanzania.