Zithunzi Ziwiri za Ubongo wa Achimwene

Malemu agona apawa ndi achimwene anga. Anabadwa pa 14 Meyi 1962, oyamba m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera folomu 2 mu 1979, atamasula wotchi ya muofesi ya ahedi kuti aone chimene chimalira m'katimo. Mu 1981 anayamba kukonza mawotchi pakhonde la sitolo ina, pakatebulo kogwedera. Mu 1986 anakwatira alamu athuwa, amene anabwera katatu konse kudzakonzetsa wotchi yosawonongeka.

Matenda anayamba mu 2017. Dzanja lamanja linkanjenjemera, tizitsulo ta mawotchi tinkangowapulumuka, poyenda ankakhwekhwereza mapazi. Mu 2018 tinapita nawo kuchipatala, ndipo anawalowetsa m'makina ojambula ubongo. Chithunzi chinatuluka choyera: chotupa panalibe, mtsempha wophulika panalibe. Tinasangalala tsiku limodzi lokha, kenako tinayamba kuwanena. Ena ankati amamwa mobisa, ena ankati ndi ulesi chabe. Ineyo ndinakaponya chithunzicho patebulo pawo, n'kuwauza kuti asiye kunamizira chifukwa makina sanama. Iwo anangowerama n'kumatola tizitsulo tawo.

Mu 2021 mwana wawo wamkazi, namwino wakhala apoyu, anaumirira kuti akajambulidwenso. Ulendo uno anayamba awabaya kaye mankhwala mumtsempha. Dokotala anationetsa timadontho tiwiri pakati pa ubongo, kena kowala, kena kozilala. Anati muubongo muli timadzi tina timene timanyamula uthenga woti manja ndi miyendo ziyende, ndipo mwa achimwene timadzito tinali titatsala pang'ono kutha. Chithunzi choyamba chija akuti chimaonetsa kaumbidwe ka ubongo basi, timadzito sichitiona. Ndinafunsa kawiri, koma mpaka lero mutu wanga sukugwira. Ubongo umodzi womwewo, pachithunzi ichi wabwinobwino, pachithunzi icho wodwala? Nanga ife zaka zitatu zonse zija tinkayang'ana chiyani?

Mapiritsi amene dokotala anawapatsa anathandizako ndithu, koma ku ntchito sanabwererenso. Anatisiya pa 3 Juni chaka chino, atagwidwa ndi chibayo.

Asiya mkazi, ana atatu ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza madokotala, aneba, ndi nonse mwabwera kudzatitonthoza. Koposa tikuthokoza alamu athu, amene okhawo sanawakayikirepo ngakhale tsiku limodzi.

Ine ndinkadikira kuti ndizimvetse kaye bwinobwino, ndiye ndikapepese. Sindinazimvetse, ndipo sindinapite. Achimwene, simunkanama. Pepani. Mzimu wanu uuse mumtendere.