Bambo Elifala Kachiwanda ndi Mabokosi Awo a Zipangizo

Malemu amene thupi lawo lagona pamaso pathu ndi Bambo Elifala Kachiwanda. Anabadwa m'chaka cha 1946 m'mudzi muno mwa Kamphata, kufupi ndi Chisepo, m'boma la Dowa. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu.

Maphunziro awo anachitira pa sukulu ya mishoni, kumene anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kusunga nthawi. Anzawo a m'kalasi amakumbukira kuti tsiku lina analangidwa chifukwa chomasula wotchi ya pakhoma kuti aone chimene chimaiyendetsa. Chilango analandira mosadandaula, koma wotchiyo anaimanganso, ndipo inayenda. Atamaliza sukulu anapita ku Lilongwe kukaphunzira za magetsi ndi lamya.

M'chaka cha 1971 anamanga banja loyera ndi Mayi Margareta Nambewe a ku Malomo, m'boma la Ntchisi. Banja limeneli lakhala zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo silinakhalepo pa bwalo la ankhoswe.

Malemu anagwira ntchito ya boma yolumikiza mawaya a lamya kuyambira 1968 mpaka 1995. Ankakwera m'mapolo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, dzuwa ndi mvula yomwe. Atapuma pa ntchitoyo, achibale ankayembekezera kuti abwerera kumudzi kudzalima fodya. Iwo anakhala pa Mponela. Inali nthawi imene zipani zinali zitangochuluka, ndipo aliyense ankafuna kumva yekha nkhani pa wailesi. Koma wailesi ikafa, mwini wake ankayenera kukwera nayo minibasi mpaka ku Lilongwe, kapena kuisiya pa denga kuti idye fumbi. Komanso pa Mponela panali amuna ambiri ongoyendayenda, opanda chogwira. Malemu anaona zinthu ziwirizi, ndipo anaona kuti chimodzi chikhoza kuchiritsa chinzake.

Bambo Sabiti, amene ali ndi golosale m'mbali mwa msewu waukulu, anawapatsa chipinda chokhala ndi magetsi kuseri kwa golosaleyo. M'menemo, m'chaka cha 1996, malemu anatsegula shopu yokonzera mawailesi ndi kutchajira mabatire. Lamulo lawo loyamba linali lakuti wailesi ya munthu isatsegulidwe mwini wake asakuona, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti okonza mawailesi amazula zida zabwino n'kuikamo zakutha. Lamuloli linkachedwetsa ntchito, koma linabweretsa anthu ochokera kutali.

Wophunzira wawo woyamba anali Bambo Andreya Chafukira, ndipo apa mpamene panayambira mavuto. Bambo Chafukira anali mmodzi wa apayoniya a nthawi ya chipani chimodzi. Pa Mponela panalibe wowalemba ntchito, pakuti anthu anali asanaiwale mmene ankaimira pa chipata cha msika kufunsa makadi a chipani. Mayi Margareta eni ake anabwezedwapo ndi bambo amenewa atanyamula dengu la tomato pamutu. Atamva kuti amuna awo awalandira m'shopu, anakhala mwezi wathunthu osapondako. Akulu a mpingo nawonso anaitana malemu ndi kuwafunsa ngati pa Mponela panasowa ana a Akhristu oti n'kuwaphunzitsa. Malemu sanapepese. Anayankha kuti, "Munthu amene mwamumana ntchito lero, mawa mukumana naye pa msewu atanyamula chikwanje. Ine ndasankha kumunyamulitsa chowotcherera mawaya." Akuluwo anawasiya, ngakhale si onse amene anakhutira. Lero Bambo Chafukira ndi amene anyamula bokosi la maliro kutsogolo, ndipo owasankha ndi Mayi Margareta.

Kaphunzitsidwe ka malemu kanali kotere. Wophunzira ankakhala pa benchi zaka ziwiri. Akatsiriza, malemu ankamukhomera bokosi la matabwa, n'kuikamo chowotcherera, mita yoyezera magetsi, pulaya ndi masikuludalaiva, ndipo dzina lake ankalilemba pa chivundikiro ndi chitsulo chamoto. Kenaka ankamuuza mawu awiri: asatsegule shopu pa Mponela, koma apite kumene kulibe wokonza, ndipo pasanathe chaka akhale atatenga ophunzira ake awiri. Wina akachedwa kutero, malemu ankakwera njinga kukamufunsa chifukwa chake, ndipo kafunsidwe kawo sikanali kofewa. Mwa njira imeneyi mabokosi anapita ku Madisi, ku Nambuma, ku Mvera, ku Malomo, pa boma la Ntchisi ndi pa Chisepo pompano. M'chaka cha 2000 anaonjezera lamya yoimbira anthu ndi kompyuta yolembera makalata, ndipo anaziika m'manja mwa Mayi Sadia, mwana wa Bambo Sabiti. Ena anang'ung'udza kuti mwana wamkazi, ndiponso Msilamu, wapatsidwa makina odula chotero. Malemu anati makinawo sadziwa chipembedzo cha wowagwira, amangodziwa ngati ali wosamala. Kuyambira pamenepo shopu inkatsekedwa Lamulungu lonse ndiponso Lachisanu masana.

Pa mpingo malemu anali mlaliki wa pa mphakati ndiponso mkulu wa mpingo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sitibisa kuti anali munthu wovuta. Wofika mochedwa ankamubweza pa khomo, ndipo wonunkha mowa sankamulola kukhudza waya. Sankadziwa kunyengerera, ndipo ena mwa ife tinalawapo lilime lawo. Koma palibe amene angaime pano n'kunena kuti malemu anamudyera kanthu.

Anayamba kudwala matenda a kuthamanga kwa magazi chaka chatha. Pa 4 Ogasiti chaka chino cha 2003 anagwa ali pa benchi, ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Anawatengera ku chipatala cha Mtengowanthenga, kumene madokotala ndi anamwino anayesetsa mbali yawo. Lachitatu lapitali masana lilime lawo linamasuka pang'ono. Pa bedi panali anthu atatu: Mayi Margareta, Bambo Chafukira, ndi mng'ono wa malemu, Bambo Solomoni Kachiwanda. Malemu anafunsa ngati shopu ili yotsegula. Atauzidwa kuti inde, anati, "Mabokosi atatu ali pansi pa benchi si anga. Ali ndi mayina. Ine ndikapita mulire, koma Lolemba mutsegule." Anamwalira Lachinayi m'mawa, pa 14 Ogasiti, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri.

Zimene zikutsatira sizimawerengedwa kawirikawiri pa manda, koma Mayi Margareta apempha kuti zimveke thupi lisanatsitsidwe. Dzulo m'mawa, anthu ali otanganidwa ndi maliro, pa chitseko cha shopu paikidwa loko wachiwiri pamwamba pa loko wa malemu. Waika lokoyo ndi Bambo Solomoni, ndipo sakukana. Iwo akuti mbale wawo anathera moyo wake kulemeretsa alendo, pamene ana a m'banja akukhala manja lende kumudzi kuno. Akuti m'chipindamo aonamo mawailesi odzaza mashelefu mpaka ku denga, ndipo chuma chotero chiyenera kugawidwa kwa mbumba maliro akatha, mabokosi aja pamodzi ndi kompyuta yomwe.

Kudandaula kwa munthu wofedwa sitikunyoza. Koma choonadi chiyenera kunenedwa pamaso pa onse. Mawailesi amene ali m'mashelefu si chuma cha malemu. Ndi a anthu amene anabwera nawo kudzakonzetsa, ndipo eni ake ena akhala pakati panu pano. Ina ndi ya mphunzitsi wa ku Nambuma, ina ndi ya mayi wamasiye amene amamverapo zidziwitso za maliro. Kugawana zinthu zimenezo si kulandira cholowa. Dzina lake tonse tikulidziwa. Mabokosi atatuwo ndi a ophunzira amene atsiriza zaka zawo ziwiri mwezi uno, ndipo mmodzi wapeza kale chipinda ku Bowe. Chitseko chikapanda kutsegulidwa, anthu asanu ndi awiri ogwira ntchito m'shopumo alowa m'gulu la oyendayenda limene malemu anawachotsamo, ndipo mabanja awo alira maliro awiri. Tikumbukirenso kuti malemu anaitana kawiri ana a Bambo Solomoni kuti adzakhale pa benchi, ndipo kawiri konse yankho linali lakuti zaka ziwiri n'zambiri.

Mayi Margareta sakufuna kupita ku bwalo la milandu ndi mlamu wawo. Iwo ndi Bambo Chafukira, amene yekha anatsala m'shopu kuthandiza malemu kuphunzitsa, agwirizana kuti malo awiri mwa atatu amene atsale pa benchi asungidwira ana a Bambo Solomoni. Malamulo ndi omwe aja: zaka ziwiri, kufika hafu seveni, osanunkha mowa. Pomaliza adzalandira mabokosi okhala ndi mayina awo, monga wina aliyense. Chimene Mayi Margareta akupempha ndi kiyi wa loko wachiwiri uja basi.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Margareta Nambewe. Ana anayi, Isake, Lines, Chikhumbo ndi Mirriam. Zidzukulu zisanu ndi zinayi. Mlongo wawo, Mayi Tabita. Ndi mng'ono wawo, Bambo Solomoni. Asiyanso amisiri khumi ndi mmodzi amene ali ndi mashopu awoawo, pamodzi ndi ophunzira awo.

Yankho la Bambo Solomoni silinalembedwe mu mbiri ino, chifukwa pofika m'mawa uno anali asanalipereke. Mayi Margareta akhala pa mphasa kumutu kwa bokosi, ndipo dothi silinathiridwe. Lolemba ndi mkuja.

Bambo Elifala Kachiwanda, ntchito yawo aimaliza. Apumule mu mtendere wa Ambuye.