Ba Kalenga Achotsa Chala pa Enta

Ba Dailekita, mamanenjala athu, Bana Destiny, akazi a Ba Kalenga, ndi banja lonse la Kalenga, anzanga a ntchito, ndakupatsani moni nonse. Ndine Petronella, wa m'chipinda chozizila chija cha maseva. Ndikalila pakati, mundikhululukile.

Zaka khumi ndi zitatu ndakhala pafupi ndi Ba Nicodemus Kalenga. Inu a banja mumangomva kuti amagwila za makompyuta. Ntchito yake ndi iyi. Tili ndi maseva anayi, makompyuta akuluakulu, omangidwa gulu limodzi. Mu seva iliyonse mumakhala timakompyuta tosagwilika ndi manja, tomwe timauza malole a kampani ino kopita. Ba Kalenga amati timeneto ndi alendi. Masevawo anawatcha Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga. Yokalamba, yaphokoso, anati ndiye Kabwata, kwawo.

Mausi ya kompyuta sagwila, ati ndi chidole cha ana. Iwo ndi sikilini yakuda basi, kulemba malamulo ouza makina zochita ndi zala ziwili chabe, ngati nkhuku ikujompha chimanga.

Ba Kalenga, musawelame, ndinena ndithu. Chaka chomwe tinamanga gululi, munafuna kuzimitsa Chelstone kuti muikonze. Munazimitsa Kabulonga, alendi onse ali m'kati. Malole anaima pa geti mpaka masana, madalaivala akutitukwana. Kuyambila pamenepo anaika lamulo: samutsa alendi kaye, welenga dzina la seva mokweza kawili, kenako dinda batani la Enta. Tinkawaseka, munthu wamkulu kulankhula ndi makina. Manje tonse timatelo.

Ambili mukuganiza kuti apuma chifukwa cha zaka. Ayi, zinatsala zitatu. Andilola kuti ndinene zoona. Shuga yawadya maso.

Chaka chatha anayamba kukulitsa zilembo, kukulitsabe, mpaka mawu anayi ankadzaza sikilini. Kenako anayamba kumandiitana, ati ndibwele ndione chinthu chosangalatsa. Panalibe chosangalatsa. Ankafuna ndiwawelengele. Ndinadziwa, iwonso anadziwa kuti ndadziwa, koma miyezi isanu ndi itatu palibe anatchula.

Mu Ogasiti, Lachiwili m'mawa, ndinathamangila ku Kamwala kukagula mawaya. Woodlands inayamba kutentha, ndiye alendi anayenela kusamutsidwa msanga, seva izimitsidwe. Pobwela ndinawapeza atalemba lamulo lonse, chala chili pamwamba pa Enta. Anali atakhala choncho nthawi yaitali.

Anati, "Petronella, lamuloli ndimalidziwa pamtima, koma sindikuona kuti ndili pa seva iti. Dinda iwe."

Ndinawelenga kawili. Sanalakwitse ngakhale chilembo chimodzi. Ndinawauza zimenezo, ndi kuwapempha kuti tipitilize monga tinkachitila, ine ndikhale maso awo. Anakana. Anati lelo zayenda, nanga tsiku lomwe ndidzadwale? Anati sangaike ntchito ya anthu onsewa pa chala cha munthu wongoganizila. Kalata yawo yosiya ntchito ndinataipa ndine, iwo akunena mawu. Sindinataipepo chinthu chowawa chotelo.

Ba Kalenga, zikomo maningi. Munandiphunzitsa osandinyoza, ngakhale tsiku lomwe ndinafufuta za eni ake mu kompyuta. Lolemba mpando wanu udzakhala wopanda munthu, ndipo ndikunena poyela, ndili ndi mantha. Ndidzakuimbilani foni, musatope nane.

Bana Destiny, tikukubwezelani amuna anu. Munatipatsa akuona bwino. Zikutipweteka kuwabweza chonchi. Muwasamale, apume, akhale pakhonde ku Kabwata adzukulu akuwasokosela, ndipo Mulungu asunge kuwala komwe kwatsalako.

Anzanga, ndikuona mukuwamwetulila. Kuchokela pomwe akhalapo, nkhope zanu sakuziona. Choncho imililani nonse, muombe m'manja mwamphamvu, kuti amve.