Zingwe za Jombo

Atabwerako kunkhondo, zaka makumi awiri zapitazo, bambo wina analumbira kwa mkazi wake kuti jombo sadzavalanso. Lero ali pasiteji, akungosuzumira kumsewu, basi osabwera. Mayi wina pamzerepo akumuyang'ana kumapazi.

"Achimwene, munali msilikali eti?"

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Zingwezo. Malemu amuna anga ankamanganso chopingasa choncho."

"Ankatiphunzitsa dala. Ukavulala, mpeni umangodutsa kamodzi, jombo n'kuchoka."

"Awo anawadula zingwezo, koma sanadzuke. Nanga mwapolisha chonchi, ulendo wa kuti?"

"Akulemba alonda kufakitale. Akuti wopanda jombo asayerekeze n'komwe. Basi imeneyi ikandichedwetsa, ana agonanso ndi njala."

"Akunyumba akudziwa?"

"Ndatuluka ndi patapata, mayi. Izi ndavalira pompano."