Mapemphero Awiri Pamphasa Imodzi

Inali naini koloko m'mawa, kamvula kakuwaza. Pamzere wa pasikelo, pomwe amagula njere za msatsimanga zoyengera dizilo, mayi wina wa matumba atatu ankangoseka yekha. Bambo amene anali kumbuyo kwake anamufunsa.

"Mayi, mwatola chiyani?"

"Simunamve? Dizilo wa papampu wakweranso. Lero njere zathu agula, bambo."

"Mwezi watha anatibweza ndi matumba athu."

"Pajatu anali atatsika. Wa papampu akatchipa, wa njere zathu angamugule ndani? Ndiye ine ndakhala ndikupemphera kuti akwere."

"Kani ndinu mwatikwezetsera minibasi?"

"Tsitsani mawu. Amuna anga ali ndi chigayo cha dizilo. Timagwada pamphasa imodzi, iwo akuti atsike, ine chamumtima ndikuti akwere. Ameni yekha ndiye timanenera limodzi."

"Akudziwa kuti wayankhidwa ndinu?"

"Ayi, akuti chikhulupiriro chawo chachepa. Mawa ayamba kusala kudya."

"Nanga akayankhidwa iwowo?"

"N'chifukwa chake ndalawirira. Tandinyamulitsani thumbali, bambo, tigulitse asanayambe kusalako."

Ananyamulizana, ndipo wapasikelo anakoleka thumba loyamba pa mbedza.