Bwato la a Ayub Pakati pa Wani ndi Ziro

Eliza anawapeza amalume ake, a Ayub, ku Lifuwu atatsamira bwato lawo lovundikira, lomwe linasiyana ndi madzi kalekale. Mtsikanayu amakonza mayankho a kafukufuku kubungwe lina lothandiza asodzi: inde aliyense amamusandutsa wani, ayi amamusandutsa ziro, poti kompyuta simva china. Yankho la amalumewo lokha ndilo linamukanika. Atafunsidwa ngati ali ndi bwato, iwo anangoti nkhani yake ndi yaitali.

"Amalume, bwato muli nalo? Inde kapena ayi?"

"Ichi ndatsamirachi ukuchiona ngati chulu?"

"Ndiye wani," anatero Eliza, chala chili m'mwamba pamwamba pa kompyuta yake.

"Dikira, iwe! Ukufulumira ngati wakabaza."

A Ayub ankawadziwa mabungwe, kapena kuti ankadziyesa owadziwa: amapatsa amene alibe. Anafunsa kuti thandizo ligwera nambala iti. Eliza anati saloledwa kunena munthu asanayankhe.

"Lemba kuti lilipo koma ndi lobooka."

"Malo a koma mulibe."

"Lemba theka."

"Theka sililowa."

"Makina anjiwa osadziwa theka? Ine wa Sitandade folo ndimalidziwa."

Eliza anawauza modekha kuti mzere wopanda nambala amaufufuta, dzina n'kupita nawo. A Ayub maziro anawasiya kusukulu, kumene aphunzitsi ankawagawira mosaumira, ndipo msodzi wovomera ziro pa bwato angaonetse bwanji nkhope kudoko? Komabe m'mutu mwawo bwato latsopano linali litayamba kale kununkhira penti.

"Lemba ziro. Koma motsitsa, anthu asamve."

Chala cha Eliza chinagwera pa ziro. Nkhuku inatuluka pansi pa bwatolo ikutetera.

"Tsono mabwatowo afika liti?"

"Mabwato ati? Akubweretsa matabwa ndi phula, zokonzera mabwato obooka. Za anthu a wani."

A Ayub anadzuka msanga kuposa mmene mawondo awo amalolera.

"Fufuta! Bwato ndili nalo, ndi ili, ligwire!"

Eliza anayang'ana mukompyuta, kenako pansi pa bwato, pomwe panali mazira.

"Sizitheka, amalume. Chinthu chimodzi sichiwerengedwa kawiri. Akazi anu analilembetsa kale kuti ndi khola la nkhuku."

Mkuluyo anakhalanso pansi pang'onopang'ono, nayang'anizana ndi nkhuku ija.

"Nanga akazi angawo," anafunsa motsitsa, "unawapatsa nambala yanji?"

"Wani. Alandira chakudya cha nkhuku."

"Basi, ndilembe pamzere wawo," anatero a Ayub. "Uziti ndine tambala."